Madzi Amene Anakana Kufika pa Zana

Bokosilo linali la matabwa ofiirira, la zogwirira za chingwe, ndipo ukalitsegula linkanunkha utuchi ndi sipiriti. Linafika pa lole kumayambiriro kwa nyengo yozizira, masiku amene Lichinga wathuyu ankatchedwa Vila Cabral. M'kati mwake munali maphunziro a fizika okonzeratu: makadi olimba osindikizidwa ku Lizibowa, maginito awiri, kanyale ka sipiriti, ndi teremometulo, kandodo kagalasi koyezera kutentha, kogonekedwa m'thonje ngati khanda. Khadi lililonse linkanena zonse, zimene mphunzitsi achite, zimene afunse, ngakhale zimene ana ayankhe. Mphunzitsi ntchito yake inali kungotsegula pakamwa basi.

Mphunzitsiyo anali amalume anga. Ankaphunzitsa ana akuluakulu, ine mmodzi wa iwo, pa sukulu ya mishoni kunja kwa tauni, ndipo ine ndi mayi tinkakhala m'nyumba yawo ya pasukulupo chichokereni bambo, amene anatengedwa kukagwira chibalo cha pamsewu osabwerakonso. Ndiye ndikanena kuti ntchito ya amalume inali moyo wathu, musaganize kuti ndikukokomeza. Mphunzitsi asupayi, apolisi a boma ogwira anthu a chibalo, ankamulambalala. Koma akangochotsedwa ntchito, ankasanduka mwamuna wamba ngati ena onse, ndipo chingwe sichinkachedwa kumupeza. Mphunzitsi amene analipo amalume asanabwere anachoka choncho, mlandu wake kuswa galasi la pasukulu.

Bambo mfumu anatiuza kuti kukubwera woyendera sukulu, Mpwitikizi wochokera ku boma, kudzaona ngati bokosilo likugwira ntchito. Anasankhiratu khadi la kuwira kwa madzi. Khadi losavuta, anthuni! Wiritsa madzi, viika teremometulo, funsa ana, ana ayankhe kuti "cem graus," kutanthauza madigiri zana.

Madzulo ake amalume anayeserera pakhonde, ine nditawagwirira kachitini. Madzi anayamba kulira, kenako kubwadamuka, nthunzi kundiwotcha zala. Kamzere kasiliva kanakwera, kanakwera, kenako kanaima. Kanaima mipata isanu pansi pa zana. Amalume anadikira. Anakolezera moto. Madzi anaphwa m'chitini mpaka pansi kuchita gwaa, koma kamzereko ayi ndithu, osasuntha.

"Ndi moto uwu," anatero. "Moto wachepa."

Mawa lake anayesa pa mbaula ya makala. Mkuja anayesa pa nkhuni za paini zimene zimayaka ngati zathiridwa palafini. Moto utalephera, mlandu unagwera madzi. Tinatunga a pachitsime, a kumtsinje, a mumtsuko wa mayi osefedwa pa nsalu yoyera. Ine ndinkadzuka nkhungu ili mbuu, mapazi atauma ndi chisanu, kukatunga madzi oti akangophwera m'chitini. Onsewo ankafika malo omwewo n'kuima, ngati anapangana.

M'nyumba munalowa mantha. Amalume, munthu wanthabwala amene ankatiseketsa potsanzira mayendedwe a bambo mfumu, anasanduka bubu. Ankatenga khadi lija, kuliwerenga, kulitembenuza, kuliwerenganso milomo ikugwedera, kufunafuna pamene iwo analakwitsa. Zoti khadilo lingakhale loperewera sizinawabwerere n'komwe m'mutu, ndipo sindikuwaimba mlandu. Chinthu chosindikizidwa, chowoloka nyanja, chikalakwe pamaso pa munthu wakuda wa ku Chimbonila? Tinaleredwa kudziwa kuti pepala likatsutsana ndi iwe, wopenga ndiwe.

Mayi ankangoti, "Achimwene, kafunseni bambo mfumu, kodi akudyani?" Amalume ankapukusa mutu. Kufunsa kunali kuvomera chimodzi mwa ziwiri, kuti aononga teremometulo ya boma kapena kuti sadziwa ntchito. Zonse ziwirizo njira yake inali imodzi, yopita kumsewu kumene kunapita bambo.

Loweruka lina amalume anachita chinthu chimene mpaka lero sindichiiwala. Anakulunga teremometulo m'thonje lake, kuilowetsa m'nsungwi, kuimangirira pachifuwa m'kati mwa malaya, n'kukwera njinga kutsetserekera kunyanja ku Meponda pamodzi ndi ogula nsomba. Ankati mwina madzi a m'nyanja, pokhala ambiri ndiponso oyera, amvera khadi. Katundu wa boma kutuluka naye pasukulu popanda chilolezo! Akanangogwa pa miyala ya njira ija, kapena msupayi kuwapapasa pachifuwa, basi zathu zikanathera pomwepo. Mayi sanadye. Ankangotuluka kukayang'ana kumsewu, kulowa, kutulukanso, akutukwana bokosi ndi amene analipanga.

Amalume anabwera fumbi lokhalokha, milomo itang'ambika, akukankha njinga, kumbuyo atamangirira botolo lalikulu la madzi a m'nyanja. Koma nkhope ikuwala! Anati kumeneko anawiritsa madzi pakhomo pa msodzi wina, ndipo kamzere kanakwera mpaka kutsala pang'ono penipeni kukhudza zana. "Ndawapeza madzi ake, achemwali," anatero. "Tapulumuka." Mayi analulutira. Ine ndinavina.

Asanasambe n'komwe anati tiyese. Ndinagwira kachitini. Madzi a ku Meponda, amene anakwera nawo mapiri onse aja thukuta lili kamukamu, anawira bwinobwino, ndipo kamzere kanafika pa malo ake akale aja n'kuima.

Mayi anagwira pakamwa. Ine ndinkadikira kuti amalume aponya chitini kutali. Koma anangokhala pansi, maso ali pa galasi, nthawi yaitali. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, ngati akuopa kuthawitsa mbalame. Madzi ndi omwewo, anatero. Teremometulo ndi yomweyo, moto ndi womwewo, munthu ndi yemweyo. Chasintha n'chiyani? Anandigwira paphewa mpaka kundipweteka. "Iwe mwana, chasintha ndi malo! Kumunsi amakwera, kuno kumtunda sakwera. Si ine ayi. Ndi phiri!" Anaseka, kuseka kwenikweni kumene tinali titakuiwala. Mayi anangoti, "Phirilo ndiye mukamuuze mzunguyo?" Kuseka kunathera pomwepo.

Ndinadzaphunzira patapita zaka zambiri kuti kumtunda mpweya umapanikiza madzi mopepuka, ndiye amawira msanga asanafike pa zana. Nkhani ya mizere iwiri m'buku. Amene analemba khadi uja ankakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo sizinamukhudze kuti kuli anthu okhala pamwamba pa mapiri amenenso amawiritsa madzi. Inenso ndakalamba ndikuphunzitsa fizika ku sekondale muno mu Lichinga, ndalandira maphunziro okonzeratu osawerengeka, ena abwino ndithu, andipulumutsapo masiku otopa. Koma palibe limene ndinalowa nalo m'kalasi ndisanaliyese pakhonde panga. Aphunzitsi anzanga ankati ndine wovuta. Eya, ndine wovuta.

Woyendera uja anafika m'mawa wozizira, atavala chikhoti chonunkha fodya. Anakhala pa mpando wa amalume, khadi lili m'manja, chala chake chikutsata mzere ndi mzere. Bambo mfumu anaima pakhomo. Amalume anayatsa kanyale ka sipiriti. Khadi linkati mwana mmodzi abwere kutsogolo adzawerenge teremometulo, ndipo amalume anaitana ine. Anaviika teremometulo m'chitini.

Madzi anawira. Ndinayang'ana. Kamzere kanali pa malo ake a masiku onse, mipata isanu pansi pa zana. Woyenderayo akanangodzuka, kuyenda pang'ono n'kusuzumira, akanaona yekha. Amalume anafunsa funso la pa khadi m'Chipwitikizi, ndipo ine ndinatsegula pakamwa ndisakudziwa chimene chitulukemo. Ndisanatulutse liwu, amalume anatembenuka msangamsanga n'kutambasulira dzanja kalasi yonse.

"Todos!" anakuwa. Nonse!

"Cem graus!" anayankha ana onse, mpaka malata kunjenjemera.

Chala cha woyendera chinatsikira pa mzere wotsatira. Sanadzuke. Sanayang'ane n'komwe kumene kunali chitini. Potuluka anauza bambo mfumu kuti mphunzitsi uyu ndi wabwino, amatsata khadi.

Kunyumba mayi anapha nkhuku, yoikira mazira tsono, osaimvera chisoni. Ankayimba nyimbo za kutchalitchi akuisosola. Nyumba inali yathube, amalume chingwe chinawaphonya, ndipo ine ndinkadumphadumpha pabwalo ngati kambuzi. Amalume okha ndiwo anakhala pakhonde, dzuwa likadalipo, akupukuta teremometulo ndi kuibwezera m'thonje lake. Anandiitana. Anandiimika pakati pa mawondo awo, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva.

"Tandiuza, mwana wa mlongo wanga. Paja unayang'ana pagalasi. Unaona chiyani?"

Ndinkawakonda amalume kuposa munthu aliyense, ndipo ndinkafuna kuwasangalatsa pa tsiku lawo lalikulu. Ndinaimirira chilili ngati m'kalasi, manja m'mbali, chifuwa patsogolo.

"Cem graus, amalume!"

"Ayi, pano tili awiri. Maso akowa anaona chiyani?"

"Cem graus!" ndinabwereza mokweza, ndikumwetulira, kudikira kuti andiyamikire.

Manja awo anatsika pa mapewa anga pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ngati ndadwala matenda amene andipatsira ndi iwo. Kenako anatseka bokosi lija n'kulowa m'nyumba, ndipo nkhuku ija sanaikhudze. Ine ndinatsala pakhonde ndikulira ndi mkwiyo. Ndinali nditayankha bwino, monga mwa khadi, monga anzanga onse, yankho lomwe lija linatipulumutsa m'mawa. Ndinafunsa mayi kuti kodi ndalakwa chiyani, iwo anangoti ndidye nkhuku isanazizire.