Mikono ya Jekete ya Mzime

A Telala anali mayi wosakhulupirira munthu. Nsalu ya kasitomala ankaiyeza mwiniwake ali pomwepo, ndipo wogulitsa ulusi ankamuyang'ana ngati wawabera kale. Makina awo osokera ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ana awo onse analeredwa ndi phazi lawo lopalasa makinawo. Ndiye mzime wawo, mtsikana wamapewa ngati a bambo ake, atayamba masewera ogwetsana a judo, woyamba kukayikiridwa anali woyimbira masewerawo.

"Refu wanji wopanda wezulo?" ankatero. "Amangoimika manja ngati wapolisi wapamsewu."

Mzime anawalongosolera mpaka pakamwa kuuma. Mkono wa refu ukaloza kumwamba ndiye ippon: wina wagwetsedwa chagada mwamphamvu, nkhani yatha. Ukatambasukira cham'mbali ndiye waza-ari, theka chabe. Wothawathawa osagwira mnzake amalozedwa chala, ndipo akapitiriza amatulutsidwa. A Telala anazigwira zonsezo, koma anazigwirira kusakira wakuba. Chinkawadya mtima kwambiri ndi kawaya kamene refu ankavala kukhutu.

"Akumunong'oneza ndani?" anafunsa. "Bwanji akanong'onezedwa amasintha chigamulo?"

"Ndi anzake apatebulo, amayi. Iwo amaonanso pa vidiyo."

"Anzake. Basi, wanena wekha."

Unafika mpikisano wosankha timu ya achinyamata yopita kunja. Kwa mzime unali mwayi womaliza, chifukwa msinkhu wake unali pafupi kupitirira gululo. Mpikisano uli mawa, a Telala anaona jekete yake ya judo pachingwe, mikono ili lendee ngati thumba la makala. Anatsimikiza kuti ogulitsa anamupatsira dala yaikulu kuti mwana wa telala akasekedwe pagulu. Anaisomola, naichepetsa bwinobwino kuti igwire thupi, naisita, osauza munthu. Ankadzimva kuti awachenjerera. Paja chala sichiloza mwini.

M'holomo, wosewera asanaponde pamphasa, mkulu wina wa imvi ankayeza zovala. Anafuna kulowetsa kachipangizo kake koyezera mumkono wa jekete ya mzime, koma kanakana. Anaitana refu, nayamba kulankhula motsitsa mawu.

"Ayambapo," a Telala anauza mayi amene anakhala nawo pabenchi. A Telala anatsika, chikwama chili m'khwapa, nakaima pamaso pa refu.

"Wakugulani ndani, bambo inu?"

Refu sanakweze mawu. "Mayi, mkono wa jekete umayenera kukhala wotakasuka kuti mnzake apeze pogwira. Popanda pogwira palibe judo. Uwu wachepetsedwa, ndipo msokowu ndi wa munthu wodziwa ntchito. Ochita zotere amakhala akufuna kubera." Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Wakusokera ndani?"

Mzime anapinda mkonowo, nayang'ana msoko. Anali atauvala msoko umenewo chibadwire, sakanausokoneza ndi wina.

"Ndachepetsa ndekha," anatero.

Osewera ena anayamba kunong'onezana. Kochi wake anayang'ana kumbali. A Telala anaona anthu onsewo akuyang'ana mwana wawo ngati mbava.

"Akunama," anatero a Telala. "Mwana uyu satha n'kulowetsa ulusi pasingano komwe. Ndine ndasoka. Imalendewera."

Refu anawayang'ana, nayang'ananso mzime, ndipo zinaoneka kuti sanakhulupirire aliyense wa iwo. Analola kuti mzime abwereke jekete ina msanga. Kochi anathamanga uku ndi uku, koma ya mapewa amenewo sinapezeke.

Dzina la mzime linaitanidwa pa chimkuzamawu, kenako linaitanidwanso. Mnzake wolimbana naye anaima yekha pamphasa, jekete yake ili yosakwinyika. Refu anatambasulira dzanja kwa iye, mtsikanayo anawerama, natuluka ali wopambana osagwira munthu. A Telala anayang'ana patebulo, anayang'ana kawaya kakukhutu kaja, koma panalibe woti amunene.

Mzime anavula jekete, naipinda, naiika m'manja mwa mayi ake.

"Mukaibwezere mmene inalili," anatero, osawayang'ana kumaso.