Thukuta la mwana wanga ndinkaliyesa la dzuwa

Ndinalakwa, inu owerenga, ndipo kulakwa kwanga kunali yankho limene ndinkapatsa mkazi wanga nthawi zonse: "N'kutentha uku."

Ndine mlimi wa ku Makhanga. Mwana wathu wamkazi, chitsirizira, anabadwa mu Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Chigwa limaphika munthu ali pamthunzi. Atatuluka m'chikuta, mayi ake anayamba kudandaula kuti akamayamwa amatuluka thukuta pachipumi, kenaka amasiya bere n'kumapuma ngati wathamanga. Ine ndinkaseka. Kwathu kuno ndani satuluka thukuta? Ngakhale mbuzi zimakhala wefuwefu. Ndinawauza kuti azimukupiza ndi chitenje, mvula ikagwa zisintha.

"Bambo, ana onsewa ndayamwitsa m'dzuwa lomweli," anatero tsiku lina. "Uyu sali ngati anzake."

Mvula inagwa, madzi anasefukira, njira zinaduka. Mwana sankakula. Atayamba kutsokomola ndi kubanika, tinamukweza m'bwato. Ulendowo ndimaukumbukira ngati maloto: madzi ali phee mpaka kumene maso alekeza, mitengo itaimirira m'madzi, akakowa ali mbuu m'nthambi, ine ndikumvetsera kapumidwe kake pakati pa kulira kwa nkhafi.

Kuchipatala cha boma anatitumiza ku Blantyre. Ambulansi itakwera mapiri kunazizira, moti ndinafunda chitenje cha mayi ake. Iwo anamuika kubere, ndipo ndinaona timadontho ta thukuta tija tikutuluka pachipumi pake m'chisanu chimenecho. Mayi akewo sanandiyang'ane n'komwe. Bola akanandikalipira.

Adokotala anamuunika ndi makina. Pagalasi panaoneka kanthu kotuwa kakutseguka n'kutsekeka, ngati kansomba kakupuma pansi pa madzi a m'dambo. Anandilozera pamalo pakuda, nati ndi bowo la mumtima, lobadwa nalo. Anati si ufiti, si tsempho, si mlandu wa mayi kapena bambo. Koma anandiuzanso mosabisa kuti kubanika kuja chinali chibayo, chimene chinamupeza atafooka kale, ndipo mankhwala akanayamba msanga sakanafika pamenepo.

Tinakhalitsa m'chipatalamo. Mayi ake ankagona pansi pafupi ndi bedi, ine panja ndi abambo ena odwazika. Masana ndinkangoyang'ana thovu likukwera m'kabotolo ka okosijeni, maganizo n'kupita kudimba kwathu, kumuona atakula akundithamangira pakati pa chimanga. Namwino akandigwira paphewa m'pamene ndinkadzidzimuka.

Lero ali moyo. Amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo tikudikira kuti anenepeko, madokotala aone ngati bowolo lichepa lokha kapena pafunika opaleshoni. Sitikudziwa.

Abambo anzanga, woyamwitsa ndiye amadziwa mwana. Akakuuzani kuti khanda likutopa pabere, musatsutse, nyamukani tsiku lomwelo njira zikadali zouma. Ine njinga ndinali nayo, msewu unalipo, koma ndinakhala pansi pa mtengo.