Feteleza amene ndinamukana

Chizindikiro choyamba ndinachiona pomanga chitenje. Munali mu Meyi 2006, ndipo kumanzere, pansi pa nthiti, ndinakhudza chinthu cholimba. Ndinkagwira ntchito ku nazale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, kuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande. Keni ya madzi imene ndinkanyamula uku ndikuimba inayamba kundilemera. Ndikangodya pang'ono ndakhuta, thukuta osaleka, thupi likungotha. Kukiliniki anandipatsa mankhwala a malungo kawiri, osathandiza. Anthu a m'kompaundi, amene sachedwa kusanduka madokotala, anali atandipezera kale matenda. Ndinakayezetsa, kachilombo ka Edzi sanandipeze nako.

Mu Ogasiti ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo anandiperekeza achemwali anga, a Esinati. Tinkakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ananditenga magazi, kenako anandibaya singano yaikulu m'fupa la m'chiuno. Patapita milungu iwiri adokotala anati ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu woyenda pang'onopang'ono, ndipo chotupa chija ndi kapamba. Anafotokoza kuti magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo thupi lili ndi timadzi take touza maselo kuti achuluke pakafunika kutero. Kwa ine maselo oyera ankangochuluka osadikira kuuzidwa, opanda ntchito, n'kumapanikiza anzawo. Ndinachita mantha kwambiri, komabe nkhaniyo ndinaimva. Mumtima ndinati, m'nazale mwanga mwamera udzu.

Mapilisi amene anandipatsa anagwira ntchito, kapamba anaphwa. Koma mu Novembala thupi linatentha, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo anandigoneka. Maselo oyera anali atatsika mopitirira, abwino omwe, moti thupi linalibe chodzitetezera. Anamwino anabwera ndi jekeseni wamng'ono wobaya pakhungu la pamimba, nati ndi wofanana ndi timadzi tija touza maselo kuchuluka.

Ndinakana. Zaka khumi ndi chimodzi ndili ku nazale, ndipo lamulo loyamba n'lakuti sathira feteleza pa udzu. Matenda anga ndi kuchuluka kwa maselo, ndiye andibaye chowachulukitsa? Masiku awiri ndinakumbatira mimba, thupi likutentherabe. A Esinati analira, nati makani angawa ndidzalowa nawo m'bokosi.

Tsiku lachitatu adokotala anakhala pampando pafupi ndi bedi langa, namvetsera mlandu wanga wonse osaseka.

"Mayi, mukunena zoona," anatero. "Koma kupalira tapalira kale, mwinanso tapyoza. Zatsalazi ndi mbande zanu, ndipo zafota. Tikazisiya chonchi, matenda alowawa akutengani. Tithira pang'ono, masiku ochepa, magazi tiziyeza tsiku lililonse."

Chitenje ndinamasula ndekha.

Mawa lake msana ndi m'chiuno munayamba kuphwanya. Anamwino anati, "Musaope amayi, ndiye kuti mafupa ayamba ntchito." Tsiku lachisanu anabwera ndi pepala akumwetulira, maselo akwera. Kutentha kunatha. Ndinadya nthochi zinayi motsatizana, a Esinati n'kuimba nthungululu m'wodi mpaka anawaletsa. Chimwemwe cha tsiku limenelo sindidzachiiwala.

Mu Januwale ndinabwerera ku nazale. Tsopano papita zaka zitatu. Khansayi sinathe, mapilisi ndimamwa tsiku ndi tsiku, ndipo magazi ndimakayezetsa miyezi itatu iliyonse. Koma keni ndikunyamula, kuimbanso ndinayambiranso, ndipo a m'kompaundi aja pano akuti ndanenepa kwambiri. Inu amene mukumva cholimba pansi pa nthiti, kapena mankhwala a malungo sakukuthandizani, pitani msanga mukapemphe kuti akuyezeni magazi. Chimene simukuchimvetsa funsani, musachite kutaya masiku awiri ngati ine.

Mbande zimene ndinkathirira chaka chodwalacho ndinkaganiza kuti sindidzaziona zili m'munda. Dzinja lino ayamba kuzithyola. Ndinapempha akapitawo kuti andibwereke dengu, ndipo mzere woyamba ndinathyola ndine.