Tadala wasiya fizikisi, mayi ake akuti walephera

Lachiwiri mchemwali wanga anandiimbira foni. Akuti ndifike ku Milonde msanga, mwana wake Tadala amuchotsa ku yunivesite ndipo mwanayo akubisa. Kwathu kuno mlandu wa mwana amauona ndi malume, ndiye ndinakwera kabaza.

Umboni wake unali kalata. Zaka zinayi Tadala wakhala akuphunzira fizikisi, mudzi wonse ukudziwa. Tsono kalatayi ikumuitana kukachita digiri yachiwiri ku kemisitiri. Mayi ake anati mwana sasintha phunziro ngati sanalephere, ndipo sachoka pakhomopo mpaka aulule.

Ndisaname, nanenso ndinakayika.

Tadala anatikhazika pakhonde. Anati pali fizikisi ya kwantamu, yofufuza malamulo a tinthu tochepetsetsa ngati ma elekitironi. Palinso kemisitiri ya kwantamu, imene imatenga malamulo omwewo n'kufunsa chimene chimachititsa maatomu kugwirana kapena kusiyana. Masamu ake ndi amodzi. Kungoti ma elekitironi akachuluka masamuwo amakula msinkhu, mpaka kompyuta imangoyerekeza yankho. Iye mtima wake uli pamenepo.

Kenako Tadala anayang'ana mayi ake.

"Amayi, tiyi amene mumathyola uja amakhala wobiriwira. Akalowa m'fakitale amada. Ndi ma elekitironi akusuntha amenewo. Sindinasiye fizikisi, ndapita nayo kuntchito."

Ine manyazi anandigwira. M'masiku athu kusekondale, fizikisi ndi kemisitiri linali phunziro limodzi, mphunzitsi wakenso mmodzi. Ndinaiwala liti? Komatu kumunda timadzala chimanga ndi nandolo pamzere umodzi, palibe amati nandolo walowerera.

Vuto lathu makolo ndi lomweli. Timaloweza dzina la kosi kuti tikanyadire kutchalitchi, koma chimene mwanayo amachita tsiku ndi tsiku sitifunsa. Dzina likasintha, basi kwagwa zovuta. Kodi inu mwana wanu munamufunsapo kuti akufotokozereni, inu n'kukhala chete mpaka amalize?

Mchemwali wanga anafunsa kawiri ngati zoonadi masamba ake a tiyi omwe aja ali m'mabuku. Atamva kuti eya, anadzuka kukachapa bulangeti la mwana wake loti apite nalo kusukulu. Ndinakondwa kwabasi.

Tadala anyamuka Lolemba. Mayi ake auza kale amayi onse a mvano kuti mwana wawo akukaphunzira za tiyi. Si zoona kwenikweni. Koma mukanakhala inu, mukanawatsutsa?