Nsapato za a Vulani

Tsiku limene ndinazindikira kuti a Vulani akutsimphina ndinayamba ndaseka, Mulungu andikhululukire. Ankachokera kotengera mankhwala atanyamula katoni ya mankhwala odzola, phazi lamanzere akupondera zala zokha ngati munthu wodutsa pamatope. Ndinawafunsa ngati ukalamba wayambira kumiyendo. Anati nsapato ikuwathina, basi. Patatha miyezi iwiri nsapato ija inali ikuthinabe, ndipo ine kuseka kunandithera.

Ndine namwino. Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda koonera matenda a pakhungu, kumapeto kwa khonde la chipatala chathu. Iwo ankapima odwala, ine ndikutsuka zilonda ndi kulemba. Dzina loti Vulani silochokera kwa makolo awo. Anawapatsa ndi odwala, chifukwa kaya wabwera ndi kachiphuphu pamphuno, kaya zipere m'mutu, moni ukangotha mawu anali omwewo: "Vulani nsapato." Ena ankanyinyirika kuti vuto lili kumaso, nanga kuphazi akukafunako chiyani. Iwo ankayankha kuti khungu ndi chovala chimodzi, ndipo telala wanzeru sayang'ana kolala yokha.

Mpando wa odwala unkakhala pazenera, poti kuwala kwa babu sankakukhulupirira. M'thumba la malaya munkakhala karula ka pulasitiki kofufutika manambala ndi kathonje. Lamulo lawo linali limodzi: usatchule dzina la matenda usananene zimene ukuona. Ophunzira akabwera kudzazolowera ntchito ankavutika nalo lamuloli. Wina amangoti kusuzumira pa dzanja la mwana n'kunena monyadira kuti ndi mphere.

"Mwaiona ikuyenda mphereyo?" a Vulani ankafunsa choncho. "Tandiuzani kaye. Chili pati? N'chachikulu bwanji? Chatukuka kapena chili fulati? M'mphepete mwake muli bwanji? Muli madzi, mafinya kapena nkhanambo? Kunyumba akukanda ndi angati? Dzina libwera lokha."

Kenako pankabwera mwambi wawo uja woti kuona maso a nkhono n'kudekha, umene tinaumva kambirimbiri mpaka tinkaumalizitsa tokha iwo asanafike pakati.

Chimene chinkawapsetsa mtima kwenikweni ndi mabuku. Zithunzi zake zinali za anthu oyera khungu, ndiye wophunzira ankafunafuna kufiira pa mwendo wotupa, akakusowa n'kulemba kuti palibe. A Vulani ankamugwira dzanja n'kuika kuseri kwake pa mwendopo. "Pakutentha kapena ayi? Pa khungu ngati lathuli kufiira kumabisala, pamangodera n'kumanyezimira. Maso akalephera funsani dzanja."

Mayi wina wosoka zovala anabwera ndi banga lotuwa pamsana, atalidzola mankhwala a zipere zaka ziwiri. A Vulani anamuuza kuti atsinzine, n'kumamukhudza ndi kathonje kaja. Akakhudza pambali, mayi ankati, "Apo." Akakhudza pa banga penipeni, zii. Linali khate. Anamufotokozera mofatsa kuti limachizika, ndipo anachiradi zala zonse zili zamphumphu. Malaya amizeremizere amene a Vulani ankavala Lachisanu lililonse anasoka ndi mayi ameneyo, ndipo ankayenda nawo monyada ngati avala yunifolomu ya mkulu wa asilikali.

Ndiye munthu wotereyu n'kumandiuza ine kuti nsapato ikuthina.

Amene anandiululira ndi akazi awo. Anandipeza pageti m'mawa wina, n'kundikokera pambali.

"Asisi, abambo anuwa ayamba kuchapa okha masokosi," anatero monong'ona. "Zaka makumi atatu sanagwirepo sopo wochapira. Dzulo ndapeza imodzi ataibisa kuseri kwa ndowa, ili ndi magazi. Ndikati ndione phazi, akuti kodi dokotala ndi ndani m'nyumba muno. Inu mwina angakumvereni."

Ndinapsa mtima tsiku lonse, ndipo pansi pa kupsa mtimako panali mantha. Munthuyu ndinkamukonda ngati bambo anga ondibereka. Kunali kutatsala miyezi isanu kuti apume pa ntchito, ndipo ndinaona kuti akufuna kutuluka pageti mwakachetechete ndi chinthu chake m'nsapato.

Lachisanu masana, wodwala womaliza atatuluka, ndinatseka chitseko n'kuika kiyi m'thumba. Dzuwa linali lidakali pazenera. Ndinakokera mpando wa odwala pakuwala.

"Bambo, khalani apa."

"Sisitala, mwayamba liti kulamula m'chipinda muno?"

"Lero. Vulani nsapato."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Anati ali ndi ulendo, anati basi iwasiya, anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo sanadandaulire munthu. Ndinawauza kuti chitseko chimenecho lero kiyi wake ali ndi ine. Kenako anakhala pansi, n'kuyamba kumasula zingwe pang'onopang'ono ngati mwana amene akudziwa kuti walakwa.

Ndinavala magolovesi, ndinaika phazi lawo pa kampando, n'kuchotsa kapulasitala kamene anamata. Nditaona, pakamwa panga panatuluka zinthu zimene namwino wa zaka zanga sayenera kunena.

"Mwina ndi kachilonda chabe, bambo. Mwina munaponda msomali."

"Ndinakuphunzitsani choncho ine?" Mawu awo anali aukali, koma maso anali atatsinzina. "Musanditonthoze. Nenani zimene mukuona. Ine ndinayesa ndi kagalasi ka mayi anu aja akunyumba, koma khosi silipindika bwino masiku ano."

Anatulutsa karula kaja m'thumba n'kundipatsa osatsegula maso.

"Chili pansi pa phazi lamanzere, chakuchidendene," ndinayamba motero. "Chilipo chimodzi. M'litali masentimita awiri, m'lifupi imodzi ndi theka. Si chozungulira, mbali ziwirizi sizikufanana. M'mphepete mwake ndi mokhotakhota, kwina kukuchita ngati inki yofalikira pa nsalu."

"Mtundu?"

"Si umodzi. Pali pakuda bii, pena poderako, pena potuwa."

"Pitirizani."

"Mbali yaikulu ili fulati, koma pakati patukuka pang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene pakutuluka magazi. Mafinya palibe. Sipakutentha." Kenako ndinafunsa: "Chinayamba liti?"

"Kadontho kanalipo kalekale. Kukula kwayamba miyezi isanu ndi itatu yapitayo."

"Chimayabwa? Chimapweteka?"

"Ayi. Ndimangoopa kupondera kuti chingatuluke magazi."

Dzina linali litabwera lokha monga ankanenera, ndipo tonse awiri tinkalidziwa: khansa ya pakhungu, ija imakonda kubisala kuphazi kwa anthu akhungu ngati lathu. Iwo omwe anali ataipezapo pa anthu angapo, ndipo n'chifukwa chake ankavulitsa aliyense nsapato.

"Mwaiwala chimodzi, Sisitala," anatero.

"Mwanabele wa m'mphechepeche."

"Palibe. Ndimadzipima m'mawa uliwonse."

Apa ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinawafunsa kuti ngati ankadziwa mpaka kumadzipima m'mawa uliwonse, ankadikira chiyani, maliro? Anatsegula maso. Ndinali ndisanawaonepo akuoneka okalamba chonchija.

"Ndinkaopa, mwanangu. Ndauza anthu ambiri nkhani ngati imeneyi nditakhala uko. Sindinkadziwa kuti mpando uwu ndi wozizira chonchi. Ndinkati bola pasakhale wonena mokweza, chikhala kadontho basi."

Kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu ndinalemba ndine. Iwo anaiwerenga kawiri, n'kundibwezera kuti sindinalembe kuti phazi linalo ndi pakati pa zala ndaonapo. Ndinati sindinaonepo. "Ndiye mukudikira chiyani?" anatero, n'kuyamba kumasula nsapato yachiwiri.

Anawachita opaleshoni patatha milungu itatu. Anachotsa mbali ya chidendene n'kuikapo khungu lochokera pantchafu. Dokotala wa kumeneko anati sichinafalikire, koma akanangochedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Anayamikiranso kalata ija, kuti ankachita kuchiona chinthucho asanamasule bandeji. A Vulani anandifotokozera zimenezi ali chigonere pabedi, n'kuwonjezera kuti kuyamikirako ndi kwawo poti anandiphunzitsa ndi iwo. Akazi awo anawauza kuti atseke pakamwa amwe tiyi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona akumvera osayankha.

Anapuma pa ntchito chaka chatha. Karula kaja anandisiyira, ndipo ophunzira tsopano amanyinyirika ndi ine. Miyezi itatu iliyonse amabwera kuti tiwaone. Salola kudumpha mzere ngakhale aliyense pachipatala amawadziwa. Amakhala pa benchi pakati pa ana a zipere ndi amayi a zidzolo, atavala malaya amizeremizere aja, akazi awo ali pambali ndi ndodo yawo.

Mwezi watha ndinamva mkangano pakhonde. Mnyamata wina woyendetsa lole ankadandaula mokweza kuti m'chipindamo akuvulitsa anthu nsapato pamene iye vuto lake lili pakhosi. Ndinasuzumira kuti ndimuyankhe, koma ndinapeza a Vulani atanditsogolera kale. Sanamukalipire. Anangokweza phazi lamanzere n'kumuonetsa chipsera.

"Achimwene, ine ndinakana miyezi isanu ndi itatu," anatero. "Mtengo wake ndi uwu, ndipo ndinachita mwayi."

Mnyamata uja anawerama n'kuyamba kumasula zingwe. Nditaitana wotsatira, anali a Vulani. Analowa akutsimphina pang'ono, osavala kanthu kuphazi, nsapato zonse ziwiri zili kale m'manja.