Fodya wa Mkulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadzutsa mbewu zimene zikanayenera kufa. Tinkakhala ku Kabulonga, dera la anthu olemera mu Lusaka, koma musaganize zambiri. Yathu inali nyumba ya antchito, tizipinda tiwiri kuseri kwa galaja, mumpanda wa bwana wina wamkulu m'chipani. Atate anga, a Phiri, ankagwira ntchito ya m'maluwa, ija munthu ankatchedwa nayo gadeniboyi ngakhale mutu uli mbuu ndi imvi.

Dzina la bwanayo sitinkalitchula. Antchito onse ankangoti Mkulu. Mkulu wadzuka, Mkulu wabwera, tsegulani geti. Inali nthawi ija ya mizere, pamene amayi ankalawirira m'tauni kukadikira ufa ndi shuga n'kubwerako chimanjamanja, koma ife tinkapezako timafuta ndi tisopo totsala kukhitchini ya Mkulu. Ine munthuyo ndinkamukonda kwambiri, ngakhale sanandiyang'anepo kumaso.

Mkulu anali ndi mwana wamwamuna, ba Fredi, amene anabwezedwa ku koleji pa zifukwa zimene ife sitinauzidwe. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anaitanira atate kuseri kwa khola la nkhuku, ine n'kutsatira. Kumeneko kunali ndowa zakale zingapo, ndipo m'ndowa iliyonse munali kamtengo kamasamba onga zala, katazyolika ngati nkhuku yachitopa. Ba Fredi anali atafesa mbewuzo m'zitini za mkaka. Mizu itadzaza, anazizula masanasana n'kuziwokera m'dothi latsopano, ndipo pofuna kuti zikule msanga anathirapo feteleza wodzaza dzanja.

"Ba Phiri, mapulanti yanga yafuna kufa," anatero. "Muyaone bwino. Koma osauza ba dadi, ni sapulaizi."

Atate anayang'ana pansi n'kuti chabwino. Ba Fredi atachoka ndinafunsa kuti amenewa ndi maluwa anji.

Atate anali munthu wa mpingo, wa pakamwa poyera. Mawu akuti chamba sakanawatulutsa pamaso pa mwana wawo wamkazi. Anachita zimene akadachita munthu aliyense waulemu wa kwathu ku Katete, anachitchula ndi dzina lake lozembaitsa. "Ndi fodya wamkulu, mwanawe. Usafunsenso."

Ku Katete ngakhale mwana amadziwa kuti fodya wamkulu ndi chamba. Koma ine ndinabadwira mu Lusaka, ndipo m'makutu mwanga munalowa zina: fodya wa Mkulu. Zonse zinagwirizana. Mwana akulimira bambo ake fodya kuti awadzidzimutse nayo mphatso, ndipo ntchito yosamalira yapatsidwa kwa atate anga.

Chinandidabwitsa n'chakuti atate sanazikhudze mbewuzo. Ankadutsa ndi kheni yamadzi ngati sakuziona. Lero ndikudziwa kuti ankafuna zife zokha, iwo apulumuke popanda kukanira mwana wa bwana. Nthawi imeneyo ndinkangoona fodya wa Mkulu akufa m'manja mwathu, ndipo ndinkaopa kuti akafa atithamangitsa panyumbapo. Ndiye ndinayamba kuzisamalira mobisa.

Ndinachita zimene atate omwewo anandiphunzitsa pa mbande za tomato. Ankati mbewu yowokera kumene ndi munthu wodwala, suikakamiza kudya. Ndinakokera ndowa zija pamthunzi wa mtengo wa mapeyala. Ndinapala feteleza uja ndi supuni yakale n'kukataya, ndipo ndinaboola pansi pa ndowa ndi msomali chifukwa madzi ankaima. M'mawa ndisanapite kusukulu ndinkathirira pang'onopang'ono ndi kapu, n'kubudula masamba ouma. Fungo lake lowawira linkatsalira m'zala mpaka m'kalasi. Kwa masiku angapo sipanaoneke kusintha, ndipo ndinayamba kugwa mphwayi. Kenako m'mawa wina ndinapeza nsonga zitaimirira, timasamba tatsopano tobiriwira titatuluka pakati. Ndinavina ndekha kuseri kwa khola, nkhuku zikundiyang'ana.

Lamlungu lina Mkulu analandira alendo, azibambo ovala masuti a safari, akudya nyama yowotcha pakapinga. Mmodzi anali mkulu wa apolisi. Ndinaona kuti ba Fredi akuchedwa nayo mphatso yawo, ndipo ndinkafuna kuti atate ayamikiridwe pamaso pa anthu, kamodzi kokha pa moyo wawo. Ndidakali m'diresi langa la kutchalitchi, ndinanyamula ndowa ya mbewu yokongola kuposa zonse, ndinadutsa pakapinga pamene sindinkaloledwa kuponda, ndipo ndinagwada patsogolo pa Mkulu.

"Bwana, fodya wanu wadzuka."

Mlendo wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Aka kanali koyamba Mkulu kundiyang'ana kumaso.

"Iwe, wakuuza ndani kuti ni vanga ivi?"

"Atate," ndinayankha mosangalala.

Anawaitana. Atate anabwera atavula chipewa, naona ndowa, naona ine. Ba Fredi anali ataima pakhonde ndi botolo m'manja, ndipo sanadikire kufunsidwa. "Nenze kubaona ba Phiri kumbuyo kuja," anatero, "nenze kuganiza ni tomato."

"Phiri, ni vako?" anafunsa Mkulu.

Atate anayang'ana kukhonde kuja kanthawi, kenako anagwetsa maso. "Ndalakwa, bwana."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti zinthu zaipa. Ndinayamba kulira n'kumanena kuti ndi za ba Fredi, kuti ndinalipo pamene ankatipatsa. Atate, amene anali asanandimenyepo, anandiomba mbama pamaso pa alendo onse. "Khala chete. Ulemu uli kuti?"

Mkulu ankadziwa mwana wake, sindikayika. Koma pamaso pa mkulu wa apolisi, chamba chopezeka mumpanda wake chinkafunika mwini, ndipo mwini anali atadzipereka yekha. Madzulo omwewo atate anakwezedwa m'galimoto la apolisi. M'mawa mwake tinauzidwa kuti tituluke m'nyumba.

Tikukweza mphasa ndi mapoto pa wilibala kuti tipite kwa amalume ku Chunga, ba Fredi anandipeza pageti. Ndinkaganiza kuti akufuna kupepesa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Ndowa ziwiri anali atazibisa apolisi asanafike.

"Iwe, wenze kuthilila kangati pa siku?"

Mpaka lero ndimadandaula kuti sindinamulavulire.

Atate anatuluka patapita miyezi, ataonda, akutsokomola chifuwa chimene sichinawachokenso. Panalibe wowalembanso ntchito ya m'mayadi, poti mbiri inali itawanda kuti Phiri amalima chamba. Kumpingo anawachotsa pa mgonero. Anathera kumsika wa Soweto, kusenza matumba a kabichi a anthu ena. Amayi sanandikhululukire msanga. Ankati pakamwa panga m'pamene panatigwetsera denga, ndipo ndinakula ndikukhulupirira zimenezo.

Nditakula ndinawafunsa atate chifukwa chimene sanamutchulire mnyamata uja. Anangoti, "Ndinkati akumbukira." Ankayembekezera kuti Mkulu adzawatulutsa mwakachetechete, kapena adzatumiza munthu kudzawaitana zinthu zikazizira. Galimoto lalikulu likaima pafupi ndi nyumba ku Chunga, ankadzuka n'kukonza kolala.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene atate analili tsiku lija, ndipo mlandu uja wa pakamwa panga ndinaukana. Mwana amauzidwa zoona, kapena sauzidwa kanthu. Atate anandibisira dzina la chinthu chifukwa cha ulemu, anabisanso dzina la mwini wake chifukwa cha ulemu womwewo, ndipo anthu amene ankawapatsa ulemuwo anaulandira ngati mmene ankalandirira maluwa patebulo, osafunsa kuti walima ndani. Ndimawakonda atate anga, koma ndimawakwiyirabe. Pamaliro awo ndinadzipeza ndikuyang'anayang'ana kumsewu, kudikira galimoto la ku Kabulonga. Silinabwere.