Ng'oma Sinawadikire a Meya

Bambo amene tauni yathu yonse inkawatchula kuti a Meya sanakhalepo meya wa malo ena alionse. Anali wometa tsitsi. Kanyumba kawo kometeramo kanali kuseri kwa sitolo ya nsapato, ndipo munali mpando umodzi wachikopa wong'ambika potsamira, galasi lothimbirira m'mbali, ndi benchi ya odikira imene mwendo wake umodzi unkaponda pa njerwa. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo adakali mnyamata, naigwira kufikira manja atayamba kunjenjemera. Anatisiya chaka chatha, ndipo n'koyenera kuti za iwo zilembedwe anthu owakumbukira asanathe.

Dzina la Meya linachokera kuholo ya tauni. Kumeneko kunali gulu la anthu wamba, anamwino, makalaliki ndi ogulitsa m'masitolo, limene chaka ndi chaka linkaonetsa sewero limodzi lomwelo, lakalekale ndi lanthabwala, loti mawu ake ambiri amachita kuimbidwa. Nkhani yake ndi ya meya wodzitukumula amene afuna kukwatitsa mwana wake kwa munthu wachuma, pamene mtima wa mwanayo uli pa wophika buledi. Pakati pa sewerolo meyayo amaimba nyimbo yaitali yodzitama, ya mawu othithikana ngati mikanda pa ulusi, ndipo ndiyo imene anthu ankabwerera. Wometa wathu anaiimba zaka zoposa makumi atatu, atavala unyolo wagolide wabodza pakhosi, mimba ataikuza ndi pilo.

Dzinalo linawatsatira mpaka kuntchito.

"A Meya, msewu wa kwathu uja mukonza liti?" wina ankafunsa atakhala pampando.

"Weramitsani mutu, bwana. Ndiyambe ndalambula tchire lili panoli, msewu pambuyo."

Zaka zonsezo woimba piyano anali akazi awo, mayi wosalankhulalankhula amene masana ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene tsopano ndi namwino, ankakhala pambali pa mayi ake kuwatembenuzira masamba a buku la nyimbo. Mayiwo atamwalira, piyano anaifunditsa nsalu, ndipo sewerolo linagona. Kunena zoona, linali litayamba kale kufooka, pakuti m'zaka zomalizirazo mipando ya kumbuyo inkakhala yopanda anthu.

Amene analidzutsa ndi mphunzitsi wa nyimbo, mayi wachitsikana wobwera kumene pasukulu ya sekondale. Iye anati nkhani ikhale yomweyo, mawu akhale omwewo, koma nyimbo aziveke jazi ndi suwingi, kaimbidwe kodumphadumpha kamene sikalola munthu kukhazika phazi pansi. M'malo mwa piyano anasonkhanitsa wa lipenga, wa sakisofoni, wa besi ndi wa ng'oma, napezanso achinyamata ovina. Kenaka anapita yekha kometera kuja, naima pakhomo mwaulemu.

"Bambo, ndauzidwa kuti muno muli meya wa sewero lathu. Popanda inu sitiyamba."

A Meya anavomera asanamalize kumeta munthu amene anali pampando. Madzulo a tsikulo anatulutsa unyolo uja m'sutikesi naupukuta ndi phulusa. Chimwalirireni akazi awo, mwana wawo anali asanawamvepo akuimba m'bafa, koma sabata imeneyo anawamva.

Gululo linkayeserera Loweruka masana. Nyimbo ya meya itafika, iwo ndi oimba zida anayambira limodzi bwinobwino. Koma pa ndime yachiwiri panali malo amene a Meya ankaima nthawi zonse, n'kukweza chala m'mwamba, n'kukoka mpweya anthu akuseka. Anaima, nakweza chala, koma ng'oma inangopitirira. Pamene ankatsegulanso pakamwa, lipenga linali kale pa mzere wina, ndipo ovina, posadziwa woti atsatire, anagundana mitu. Anabwereza kangapo, koma zinali chimodzimodzi.

Woimba ng'omayo anali makaniki wa njinga zamoto, mnyamata wansangala, mlendo m'tauni muno. A Meya anamutembenukira.

"Iwe, ukuthamangira kuti? Basi yakusiya?"

"Ayi madala, ine ndili pomwepo. Ndikaima ine, miyendo ya anthu onse awa itsala m'malere."

"Nyimbo iyi ndinayamba kuiimba iwe usanamere mano. Sindinasemphanepo ndi woimba, ngakhale kamodzi."

"Ndiye amene ankakuimbiraniyo anali mngelo, madala," anatero mnyamatayo akuseka.

Palibe wina anaseka. Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, ndipo wa besi atamunong'oneza kuti woimbayo anali malemu akazi awo, anaika timitengo take pansi, manyazi atamugwira. A Meya anatenga chipewa chawo natuluka.

Lolemba mwana wawo anadzera kometera pochokera kuchipatala, nawapeza akusesa tsitsi, akudandaulabe za ana amasiku ano osadziwa kumvera woimba. Iye anakhala pabenchi nawamvetsera mpaka atamaliza.

"Ababa, ndinene chinthu, koma musakwiye."

"Nena, mama."

"Amayi sankayang'ana buku. Buku ndinkayang'ana ndine. Iwo ankayang'ana mapewa anu. Mapewa akakwera ankadziwa kuti mpweya wakutherani, ndiye ankazungulirazungulira pomwepo ndi zala mpaka mutabwerera. Mukathamanga ankakuthamangirani. Mukadumpha mzere ankadumpha nanu, ine n'kumasowa tsamba loti nditsegule."

A Meya anatsamira tsache.

"Kuyambira liti?"

"Ndinazipeza zili choncho."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Ankati mukadziwa muyamba kudzimvetsera, ndipo anthu asiya kuseka."

Bambowo anapitiriza kusesa pamalo pamene panali posesedwa kale.

Sanagonje msanga, ndipo ichi chiyenera kunenedwa mowalemekeza. Anapita kugalaja kukapepesa kwa mnyamata wa ng'oma, ngakhale kuti mnyamatayo ndiye ankafuna kupepesa, namupempha kuti awajambulire kugunda kwa nyimboyo pafoni. Ankaiika pashelefu pambali pa malumo n'kumaimba motsatira, sizasi ikudula mogwirizana ndi ng'oma, kotero kuti makasitomala ena ankagwira makutu awo mwamantha. M'mawa ankakwera masitepe a kupositi kuti chifuwa chifutukuke. Anasiya ngakhale kukweza chala kuja, kumene kunali ngati chidindo chawo. Koma chifuwa cha munthu wokalamba chili ndi malire ake. Mawu ankawadziwa onse, koma mpweya unkawathera pa malo omwe aja.

Mphunzitsi uja anali munthu wachifundo. Tsiku loonetsa litayandikira, anagwirizana mwakachetechete ndi oimba zida kuti nyimbo ya meya aziichepetsa liwiro pang'ono, ndipo wa ng'oma azichedwa pamene bambowo akupuma. Loweruka lotsatira a Meya anayamba ndi gulu namaliza nalo limodzi, koyamba chiyambire. Onse anaomba m'manja, wina mpaka kuliza mluzu.

Iwo okha ndiwo sanakondwe. Poimba anali ataona maso a mnyamata wa ng'oma ali pa mapewa awo. Anali ataonanso ovina aja, amene masabata onsewo ankauluka, akukoka miyendo ngati anthu osenza matumba. Chinthu chimene sanachimve zaka makumi atatu tsopano ankachimva bwino lomwe.

Anavula unyolo uja pang'onopang'ono, chifukwa unakola pa kolala.

"Aphunzitsi, nyimbo munatibweretsera ija si imeneyi."

"Bambo, ikhoza kukhala chonchi. Palibe amene adzadziwe."

"Ndidziwa ndine, mwanangu. Munthu mmodzi anandinyamula moyo wake wonse, ine osadziwa n'komwe kuti ndikulemera. Sindingalole kuti ana onsewa andinyamulenso ndikuona."

Mphunzitsiyo anayesa kuwakakamiza, misozi ili m'maso, koma iwo anaitana kalaliki wa kupositi, bambo wamng'ono thupi amene ankasewera ngati mlembi wa meya ndipo nyimboyo ankaidziwa chifukwa choimva zaka zambiri ataima kumbuyo kwawo. Anamuveka unyolowo ndi manja awo.

"Pilo uziika m'munsi, osati pachifuwa. Meya wake ndi wamimba, si msilikali."

Masabata otsalawo sanajombe kuholo. Ankakhala pampando wa kutsogolo kumuphunzitsa kalalikiyo kuyenda kwa munthu wodzimva, kutsokomola asanalankhule, ndi kuyang'ana anthu ngati onse ali ndi mlandu. Za kaimbidwe sananenepo kanthu. M'mawa wa tsiku loonetsa anatsegula kometera kwa amuna a m'sewero okhaokha, ndipo ndevu za meya watsopano anazikonza nthawi yaitali kuposa za wina aliyense.

Sewero linaonetsedwa masana, holo itadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. A Meya anakhala pakati, mwana wawo ali pambali. Nyimbo ija itafika, kalalikiyo anaithamanga yonse osapunthwa, lipenga likumuyankha ngati likumunyoza, ndipo anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Achinyamata ena anadzuka kuvina m'mipata ya mipando. Anthu achikulire angapo anatembenuka kuti aone nkhope ya wometa, koma anamupeza akuomba m'manja pamodzi ndi onse, ndipo sanasiye msanga.

Potuluka anakana kupita kuseri kwa nsanja kumene gulu linkawaitana. Anati adzawaona Lolemba. Anayenda ndi mwana wawo mumsewu wa kumsika, dzuwa likadalipo.

"Mama, ndikufunse. Amayi ako, pamene ine kulibe, ankaimba zotani?"

Mwanayo anazengereza.

"Nenatu."

"Masiku ena mukakhala kuntchito ankanditenga kuholo, amvekere tikukapukuta piyano. Akatseka chitseko ankaimba zothamanga, ababa. Zothamanga kuposa zalerozi. Ankavula nsapato, n'kumagwedezeka pampando, tsitsi lonse kumasuka. Ine ndinkavina mpaka kugwa."

"Amayi ako? Kuvula nsapato?"

"Eya."

A Meya anaima pafupi ndi mpanda wa sitolo ina, nagwira chitsulo chake.

"Ndiye lero akanakondwa," anatero. Kenaka anawonjezera, mawu ali pansi, "Ine sindinawamvepo."